Kabotolo ka aneba

Achimwene anga saonanso ndi diso la kumanja. Mukaima mbali imeneyo n'kuwapatsa moni, amatembenuka thupi lonse kuti adziwe amene akulankhula. Pakati penipeni pa disolo pali chipsera choyera, ndipo chimene chimadutsapo ndi kuwala kokha ndi zithunzithunzi. Njinga yamoto imene ankachitira kabaza pamsewu wa ku Namwera anagulitsa. Akuti galimoto ikamawapitirira ankaizindikira itafika kale paphewa, ndipo pa Chowe paja, pamene msewu umakhotakhota pokwera phiri, sungamayende ndi mwana wa eni kumbuyo uli ndi diso limodzi losazolowera.

Chinawalasa ndi tsamba louma la chimanga. Aliyense amene anagwirapo chikwanje m'munda akudziwa kuti zimenezi n'za chaka ndi chaka, ndipo ambiri amachira osaponda n'kuchipatala komwe. Chimene chikundikanika kuiwala ndi kabotolo kamene kanalowa m'nyumba mwawo pambuyo pake. Kanabwera ndi munthu wachifundo, munali mankhwala enieni osati achinyengo, ndipo deti lake linali lisanathe.

Chaka cha magalasi akuda

Mukukumbukira 2024. Matenda a maso ofiira anayambira ku Karonga mu Febuluwale, n'kumatsika boma ndi boma mpaka anatipeza kuno. Kusukulu kumene ndimaphunzitsa, m'mawa uliwonse kunkabwera ana atsopano maso ali psuu, manthongo atamata zikope. Magalasi akuda anayenda malonda pamsika, poti kunamveka kuti ukangoyang'anizana ndi wodwala basi watenga. Pamene njira yake yeniyeni inali manja, thaulo, chitenje chopukutira mwana uyu ndi uyo, ndi beseni limodzi lija timasambiramo tonse tisanadye nsima.

Matendawo anali a vayirasi, ndipo vayirasi samva mankhwala opha mabakiteriya. Amatha okha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, bola kusamba m'maso ndi madzi aukhondo ndi kusatikita. Azaumoyo ankanena zimenezi pawailesi, n'kumachenjeza za mkodzo, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga ndi zitsamba zofinyira m'diso. Koma munthu diso likumuyabwa sangamve zoti dikira. Anthu anathamangira m'timasitolo ta mankhwala, ndipo posakhalitsa kabotolo kena kanatchuka. Dzina lake palibe ankalidziwa. Ankangoti "kamphamvu kaja". Ukadontheza madzulo, m'mawa kufiira kwachepa, kutupa kwaphwa, ukutha kupita kuntchito osachita manyazi.

Mliri utadutsa, timabotolo tinatsala. Pazenera, m'kabati, m'chikwama cha kutchalitchi kapena cha kumzikiti. Palibe amataya mankhwala amene anagula ndi ndalama zake, makamaka amene anamuthandiza.

Tsamba la chimanga

Inali nyengo yokolola. Achimwene ankadula mapesi n'kumaimika mikukwe, ndiye powerama tsamba lina linawakwapula m'diso. Alamu anawauzira, anawatsuka ndi madzi, n'kupitiriza ntchito. M'mawa mwake diso linali lofiira, misozi ili chuchuchu. Aliyense amene anawaona pakhomo ananena chimodzimodzi: aja matenda aja akupezani mochedwa. Nkhani ya tsamba inaiwalika pomwepo.

Mayi a nyumba yoyandikana nayo, munthu amene timadalirana naye pamaliro ndi paukwati, ndi amene anabweretsa kabotolo. Kanali katathandiza ana awo onse. Achimwene anadontheza, ndipo kunena zoona anapeza bwino. Ululu unachepa, kufiira kunazilala, anabwerera panjinga.

Patapita masiku ululu unabwerera, tsopano wolasa mpaka m'mutu. Dzuwa linayamba kuwathobwa moti ankakhala m'nyumba atatseka zenera. Iwo anaganiza zimene aliyense akanaganiza, kuti poti mankhwalawa anathandiza poyamba ndiye kuti akuchepa, n'kuyamba kudontheza pafupipafupi. Alamu anandiimbira foni ataona kadontho koyera pa gawo lakuda la diso. Anati, "Alamu, m'diso mwa achimwene anu mwamera kanthu." Ndinawauza kuti akwere galimoto yoyamba, ndikawadikirira kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi.

Kapepala ka olenji

Amene anatilandira kuchipinda cha maso kuchipatala anali dokotala, bambo wachikulire ndithu, wosathamanga polankhula. Anayamba ndi kuwaimika achimwene patali ndi chikwangwani cha zilembo, n'kuwatseka diso labwino ndi chikhatho. Chilembo chachikulu cha pamwamba, chimene mwana wa sitandade 1 amachiona ali pakhomo, iwo sanachione. Adokotala anatambasula zala pafupi ndi nkhope yawo. Anawerenga, koma mochita kuganizira.

Kenako anawadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kutenga kapepala kakang'ono kokhala ndi utoto wa olenji kunsonga, n'kukhudzitsa mkati mwa chikope cha m'munsi. Anawauza kuti aphethire. Anatseka katani, anayatsa tochi ya kuwala kwa buluu, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tabwerani muone nokha."

Ndinawerama. Pakagalasi koonekera kamene kamaphimba gawo lakuda la diso panali chigamba chowala mobiriwira. Adokotala anati paliponse pamene utotowo wagwira ndiye kuti khungu la kagalasiko lachoka, pali chilonda. Atayatsa tochi yoyera ndinaona kuti m'mphepete mwa chilondacho simunali mosalala, munali timizere totuluka uku ndi uku, ndi timadontho tina patali pang'ono. M'munsi, mkati mwenimweni mwa diso, munali kamzere koyera kogona chopingasa. Anati amenewo ndi mafinya adikha pansi.

Anafunsa funso limodzi: "Mwathiramo chiyani?"

Achimwene anati palibe, madzi okha. Adokotala sanatsutse, anangodikira. Alamu anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, n'kutulutsa kabotolo, pepala lake litada ndi thukuta la m'manja. Adokotala anakatembenuza, n'kuwerenga mokweza timalemba ta m'munsi: neomycin ndi dexamethasone. Anakaika patebulo, kutali ndi ife, n'kufunsa ngati disolo linalasidwapo ndi kanthu. Apa m'pamene nkhani ya tsamba inakumbukika.

Zimene anafotokoza ndizinena mmene ndinazimvera. M'kabotolomo muli mankhwala awiri. Neomycin amapha mabakiteriya. Dexamethasone ndi wa gulu la ma steroid, ndipo iye sapha kachilombo kalikonse, ntchito yake ndi kuziziritsa kutupa, kufiira ndi ululu. Koma kutupa ndi kufiirako ndi chizindikiro chakuti thupi likumenyana ndi chimene chalowa. Zomera, kaya tsamba la chimanga, mankhusu a mpunga kapena udzu wofolera, zimanyamula tizilombo ta fangasi, ta mtundu wa chuku. Tsamba likakanda kagalasi ka diso limatisiya pabalapo. Neomycin satikhudza n'komwe. Ndiye dexamethasone akabwera n'kufooketsa chitetezo cha pamalopo, timamera mwaufulu, mwini diso akumva bwino.

"Bambo," anatero akuyang'ana achimwene, "mwamanga galu pakamwa kuti asakusokosereni, akuba ali m'khola."

Achimwene sanayankhe. Alamu ndi amene anafunsa, mawu akunjenjemera, ngati disolo lichira. Adokotala anati choyamba n'kupulumutsa diso kuti lisaboke, za kuona tikambirana pambuyo. Analemba kalata yotitumiza ku Zomba, n'kutiuza kuti tisagone.

Ku Zomba

Za ulendo wodzera pa Ulongwe ndi Liwonde ndi munthu wophimba kumutu ndi chitenje sindinena zambiri. Kumeneko anapala pang'ono pachilondapo kukayeza, n'kutsimikiza kuti ndi fangasi. Anawagoneka. Mankhwala ake anali natamycin, amene sapezeka wamba ngati enawa, odontheza ola lililonse, usiku ndi usana m'masiku oyambirira. Panalinso ena okulitsa mwanadiso kuti ululu uchepe. Alamu anatchera alamu ya pafoni, n'kumadzuka pamkeka ola ndi ola. Fangasi sachedwa kulowa koma amachedwa kutuluka, moti chithandizo chinatenga masabata ambiri.

Diso linapulumuka, silinaboke ndipo sanalichotse. Koma chilonda cha pakagalasi chikapola chimasiya chipsera, ndipo chawo chili pakati, moyang'anizana ndi mwanadiso. Magalasi sathandiza pamenepo. Opaleshoni yoika kagalasi kena ilipo padziko, koma si chinthu chimene mlimi wa ku Namwera angangochipeza. Pobwerera kumudzi anapeza mikukwe ina itagwa, chiswe chitalowa.

Mlandu ndi wa yani

Aneba aja anabwera kudzapepesa akulira. Ine sindinawaonepo mlandu. Kwathu kuno ukakhala ndi mankhwala mnzako akuvutika, n'kuwabisa, ndiye kuti ndiwe woipa mtima. Anachita zimene tonse tinaleredwa nazo. Vuto n'lakuti maso ofiira amafanana kunja pamene mkati muli matenda osiyana kotheratu. Kufiira kwa vayirasi, kwa mabakiteriya, kwa fumbi ndi mungu, kwa chilonda, kwa kukwera kwa mphamvu ya madzi a mkati mwa diso, kwa munthu wamba konse ndi "diso lafiira". Ngakhale adokotala aja sanayerekeze kunena kanthu asanaike utoto ndi kuunika.

Amene ndimamukwiyira ndi wogulitsa. Mankhwala okhala ndi steroid ndi oyenera kuperekedwa pokhapokha dokotala walemba, ndipo dziko lino lili ndi bungwe la PMRA loyang'anira za mankhwala ndi malo ogulitsira. Koma nthawi ya mliri ija munthu ankangoloza diso lake pawindo, n'kulandira kabotolo ndi chenji, popanda funso ngakhale limodzi, popanda chenjezo lakuti musapatse wina. Wogulitsa amadziwa bwino chifukwa chimene kabotolo kameneka kamayendera malonda kuposa chloramphenicol kapena tetracycline wopaka uja. Kasitomala amaona kusintha msanga, n'kukauza anzake.

Ndikudziwanso mbali inayo. Munthu wa ku Makanjira kapena ku Katuli, kuti akafike kumene kuli wodziwa za maso, ndi ndalama ya thiransipoti ndi tsiku lathunthu losagwira ntchito, pamene kasitolo kali pompo. Amene amanena kuti anthu akumudzi ndi osamva sanawerengerepo zimenezi. Malemba a pakabotolo nawonso ndi a Chingerezi, ang'onoang'ono, oti ngakhale ine mphunzitsi ndimachita kuwayandikitsa pamphuno.

Chiyambire nthawi imeneyo ndimawerenga kabotolo kalikonse kamene ndakaona m'manja mwa munthu. Ndikapeza dexamethasone, betamethasone, prednisolone kapena hydrocortisone, ndimafunsa kuti analemba ndani. Kumene ndimawapeza kwambiri ndi kwa makolo a ana anga a kusukulu, ana aja maso awo amayabwa chaka chonse mpaka gawo loyera limasanduka lofiirira, makamaka nyengo yotentha ya fumbi. Mankhwalawa amathetsadi kuyabwako, ndiye kholo limangogula kabotolo kakatha, miyezi n'kumapita. Koma steroid akakhalitsa m'diso amatha kukweza mphamvu ya madzi a mkati mwake. Muyezo wabwino umakhala pakati pa 10 ndi 21, ndipo ukakwera kwa nthawi yaitali umaononga mtsempha woonera pang'onopang'ono, nthawi zambiri popanda ululu. Zimene zaonongeka pamenepo sizibwerera. Amathanso kuyambitsa ng'ala mwa mwana wamng'ono. N'chifukwa chake dokotala akalemba mankhwalawa amaikanso tsiku loti mubwerere akayeze.

Makolo ena amandimvera, ena amandiyang'ana ngati ndikulowerera za eni. Ndimawauzabe zimene adokotala aja anandiuza tikutuluka, kuti diso likamapweteka kwenikweni osati kungoyabwa, likayamba kuona mwachimbuuzi, likamathobwa ndi kuwala, likaoneka kadontho koyera, kapena ngati linalasidwa ndi kanthu, limenelo si la kusitolo. Ndipo khanda la masiku ochepa likamatuluka mafinya m'maso, ndi ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mabakiteriya ena amene mwana amatengera pobadwa amatha kuboola diso m'masiku owerengeka. N'chifukwa chake anamwino amapaka ana mankhwala m'maso akangobadwa.

Mankhwala omwewo abweranso

Chaka chotsatira amayi anga anachitidwa opaleshoni ya ng'ala. Anali atafika poti sankasiyanitsa nyemba ndi timiyala popeta. Opaleshoni inayenda bwino, ndipo m'mawa mwake atachotsa bandeji anamwino anatipatsa kabotolo. Ndinakatembenuza mwachizolowezi. Dexamethasone, pamodzi ndi mankhwala opha mabakiteriya.

Alamu atamva dzinalo anakana kwamtuwagalu. "Amenewa ndi amene anapha diso la bambo a ana anga. Amayi sathira zimenezi ine ndilipo." Sanali kuchita nthabwala, anali atakafumbata kale m'manja. Ineyo mumtima ndinali mbali yawo pang'ono.

Anamwino anatikhazika pansi osakwiya. Anati diso la amayi laonedwa ndi makina dzulo ndi lero, mulibe chilonda cha tizilombo, muli bala loyera la opaleshoni. Pa diso lotere mdani wamkulu ndi kutupa, chifukwa kukapitirira kumatha kuononga ntchito yonse imene yachitika. Apa ndiye pamalo pake pa dexamethasone. Alinso matenda ena otupitsa mkati mwa diso amene popanda steroid munthu amachita khungu. Anatiuza kuti tidzayamba ndi kudontheza kangapo patsiku, n'kumachepetsa sabata ndi sabata monga mwalembedwera m'buku, osasiya mwadzidzidzi ngakhale amayi atanena kuti achira, ndiponso osapitiriza tokha nthawi ikakwana. Alamu anabweza kabotolo, koma anati wodontheza akhale ine.

Ndinaphunzira pamenepo kuti ntchito imene timaiyesa yophweka ili ndi kachitidwe kake. Kusamba m'manja ndi sopo. Kukhutchumula kabotolo ngati mankhwala ake ndi amkakamkaka, poti amadikha pansi. Amayi akhale pampando, mutu chagada, ayang'ane kudenga, ine n'kukokera chikope cha m'munsi kuti pakhale kathumba. Dontho limodzi lokha. Amayi ankati ndikuwamana, ndithire atatu kuti achire msanga, koma diso silisunga ngakhale dontho limodzi lathunthu, enawo amangotsikira patsaya. Kamlomo ka botolo kasakhudze diso, nsidze kapena chala, chifukwa kakakhudza ndiye kuti tizilombo talowa m'botolo. Ngati pali mankhwala a mitundu iwiri, kudikira mphindi 5 pakati pake, ndipo opaka amakhala omaliza. Tsiku lotsegulira ndinalilemba pakabotolo ndi bolopeni, chifukwa pakatha masiku 28 chitsegulireni mankhwala a m'maso ambiri sakhalanso odalirika, ngakhale deti la pabokosi likhale la chaka chamawa. Kabotolo ka aneba kaja kanali katadutsa kale pamenepo, kuwonjezera pa zina zonsezo.

Muwodimo munali mayi wina wa kutsidya, bedi loyandikana ndi la amayi. Unali mwezi wa Ramadani, ndipo anadandaula kuti akadontheza amamva kuwawa kukhosi, ndiye kodi swaumu yawo siikuonongeka? Anamwino anati za swaumu akafunse a shehe, koma za kukhosi ali ndi yankho. Pakona ya diso, mbali ya mphuno, pali kanjira kotsitsa misozi kupita m'mphuno, n'chifukwa chake munthu akalira amatuluka mamina. Ukadontheza, tsinzina n'kudina pakona pamenepo ndi chala kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Mankhwala amakhalitsa m'diso mmene akufunika, ndipo opita kukhosi ndi m'thupi amachepa. Wodi yonse inayamba kudina pamphuno, ndi Akhristu omwe.

Pa tsiku lobwerera anawayeza amayi mphamvu ya madzi a m'diso, n'kupeza kuti ili bwino, ndipo anawauza tsiku losiyira mankhwala. Achimwene ndi amene anawaperekeza ulendo umenewo, poti njira ya ku Zomba ndi makomo a kuchipinda cha maso amazidziwa kuposa tonsefe tsopano. Iwo anatsegula kagolosale pakhomo ndi ndalama ya njinga ija. Anthu amabwera kudzafunsa ngati ali ndi mankhwala a maso, iwo amangowalozera diso lawo n'kuwauza mtengo wa galimoto yopita pa Boma.

Amayi akuona bwino ndi diso limodzilo, ndipo akudikira kuti akachite linalo. Kuona kwawoko kwatibweretsera ntchito. Anapeza kuti mapoto a alamu satsukidwa kunsi, kuti mdzukulu wawo wamkulu amavala buluku long'ambika pabondo, ndiponso kuti ine ndamera imvi osawauza.